Kuwongola Pakamwa pa Bambo

Lolemba, 9 Juni

Masiku asanu. Asanu okha!

Achimwene a Lufeyo abwera dzulo kuchokera ku ruzevha, kumidzi ya eni dziko, nkhope ili ngati fodya wovumbwa ndi mvula. Uthenga wa VaMarufu, bambo ake a Rudo, mtsikana amene achimwene akufuna kukwatira, ndi uwu: asanamve za munyai, nkhoswe yotumidwa kukafunsira, asanamve za chilichonse, akufuna Bambo eni ake apite Loweruka akapemphe mwanayo ndi pakamwa pawo. "Ndimuone, ndimumve." Akakhutira, nkhani ya ukwati iyambe. Akapanda kukhutira, Rudo akhala kwawo, ndipo achimwene apitiriza kuusa moyo pakhomo pano mpaka tonse tiwonde.

"Ndimumve." Ndikudziwa ine chimene akufuna kumva. Akufuna kumva mmene mabhurandaya, ife a ku Nyasa, timapotozera Chishona, kuti apeze choseka cha mwezi wonse.

Ndipo pambali pawo padzakhala ndani? Tete, azakhali a Rudo, mlongo wa VaMarufu uja wa duku lofiira. Zaka zitatu zapitazo, pa sitolo ya ku Goromonzi, ine ndili mu yunifolomu ya ku mishoni, Bambo akupempha shuga. Shuga kuno ndi tsvigiri. Bambo akuti "chigiri". Mayiyo n'kubwereza, "chigiri, chigiri," akupinda milomo, sitolo yonse kufa nako kuseka. Bambo akuseka nawo, osadziwa kuti choseketsacho ndi iwo. Sindinaiwale ndipo sindikufuna kuiwala.

Loweruka saseka. Ndalumbira.

Vuto ndi kamluzu. Azezuru, Ashona a kuno, ali ndi mawu otuluka ndi kamluzu pakati pa mano, sv, zv, tsv. Ife obadwira pa pulazi tinayamwa nako. Bambo anabwera ndi pakamwa pa ku Dedza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo mpaka lero sanapasinthe.

Zofunika:

mawu khumi ndi awiri, kuyambira tisvikewo (odi wawo), mazvita (zikomo), zvakanaka
kalilole wa Amayi
kuleza mtima, kumene ndilibe, ndibwereka

Phunziro loyamba, ataweruka ku shedi yosankhira fodya, zala zikadali zakuda ndi phula la masamba. Ayamba ndi kudzitama: "Chishona ndinachidziwa iwe usanaganiziridwe n'komwe." Zoona. Mawu amadziwa ambiri kuposa ine, ndi miyambi yomwe.

Ndayesa khutu kaye, monga ankachitira Sisitere wotiphunzitsa Chingerezi. Liwu limodzi ndikulinena kawiri, kamodzi molondola, kamodzi mokhotetsa dala, iwo aloze lokhota. Ndayesa kakhumi. Alondola kakhumi! Atsinzina ngati akununkhiza tsamba: "Lachiwirilo ndi la munthu wongotsika kumene sitima."

Ndiye nenani inuyo, Bambo. "Tisikewo." Ayi, tisvikewo. "Eya, tisikewo." Ayi! "Nanga ine ndikuti chiyani? Si zomwezo?"

Sakunama, ndawayang'ana m'maso. Khutu lomwelo logwira cholakwa changa, likafika pa mawu awo likuvula chipewa. Ngati mlonda wa pa geti, wosecha aliyense kupatula mwini pulazi.

Sisitere sananenepo za zimenezi. Koma ine ndili ndi satifiketi, ndipo mawa kulinso tsiku.

Lachiwiri, 10 Juni

Kuzizira kodula zala.

Ndajambula mutu wa munthu woudula pakati, kuonetsa lilime, mano ndi njira ya mpweya. Wokongola ndithu. Amayi angouona: "Zaufitizo uchotse pamphasa yanga."

Kalilole wakanika msanga. Ndikuti onani lilime pamene lili, iwo akuona imvi. Ndikuti songolani milomo pang'ono. "Ine mkulu wa mpingo, ndisongole milomo ngati mbewa pa msampha?" Asongola pomaliza, koma atatseka chitseko.

Nzeru yachiwiri: imbani mluzu, Bambo, kenako muikepo mawu pamwamba. Zotsatira zake:

mluzu wabwino zedi, womveka mpaka ku dibi la ng'ombe
agalu atatu, mmodzi sitikumudziwa
nkhuku za eni
kenako, mluzu utatha, mpweya atakoka, "tisikewo"

Mluzu pawokha, mawu paokha. Akukana kukwera njinga imodzi.

Amayi aletsa. Mluzu pakhomo umaitana njoka, ndipo ikabwera akuti ikagona kwa ine. Phunziro lasamukira ku shedi, nthawi yopuma masana. Kulakwa kwanga kwakukulu! Komboni yonse yadziwa, ndipo aliyense wasanduka mphunzitsi.

"Aikeni kanjere ka chimanga pansi pa lilime."

"Agululeni dzino limodzi, mpweya upeze njira."

"Amwe doro, mowa wa Azezuru, masiku atatu, pakamwa pazolowera pokha."

Womaliza uyu ndi Amalume, mlongo wa Amayi, amene akwiya kale pa zawo. Kwathu ukwati wa mwana wa mlongo umayendetsedwa ndi malume, bambo amangouzidwa. Ndiye kuti VaMarufu aitane Bambo, iwo ali moyo, akuti ndi chipongwe. "Chitaganya ichi chasokoneza zonse. Maiko atatu m'thumba limodzi, malume osadziwika." Ndawakumbutsa kuti Chishona chawo ndi mawu asanu ndi limodzi, anayi mwa iwo otukwana. Sitikuyankhulana.

Achimwene akhala pa mtondo wogubuduza, akuyang'ana kum'mawa kumene kuli ruzevha, akuusa moyo. Munthu wa ndevu! Woyendetsa thirakitala!

Chosangalatsa chimodzi: njoka sinabwere.

Lachitatu, 11 Juni

Ndapeza! Kapena ndimayesa ndapeza.

M'mawa Bambo akuuza Amayi za mbatata zimene anakwirira paphulusa: "Amake Lufeyo, zapsa izi." Ine tiyi kutsala pang'ono kunditsamwa. Kamluzu! Komweko, m'kati mwa "zapsa", kakukhala phee ngati kalibe mlandu. Nenaninso! "Zapsa." Nenani kubzala! "Kubzala." Kaliponso! Amanena mwa akuluakulu akumudzi, lilime likugwira pamalo pomwe Mzezuru amagwira. Zaka zonsezi ali nako m'kamwa, ngati munthu wofunafuna chipewa chili kumutu.

Ndiye ndikuti chotsani p yekha, Bambo, chotsalacho ndi sv.

"Ndimuchotse bwanji? Anabadwira pomwepo."

Tayesa mpaka chitsulo choitanira ku ntchito chitalira. Masana tayesanso. Zimene tili nazo tsopano:

tipsikewo
mabzita
bzakanaka

Sindikudziwa ngati tapita patsogolo kapena tangolowera kwina. Dzulo amamveka ngati munthu wa ku Nyasa. Lero akumveka ngati munthu wa ku Nyasa amene wapsa lilime ndi mbatata.

Chondikwiyitsa n'chakuti akukana kuti mawu awiriwa ndi pachibale. Ine lilime langa likundiuza kuti malo ndi amodzi. Iwo khutu lawo likuti ayi. "Icho n'cha Azezuru, ichi n'chathu. Usasakanize magiredi, mwanawe." Munthu wosankha fodya! Tsamba likangolowa mulu wina, kwa iwo lasanduka mtundu wina, ngakhale linathyoledwa pa phesi lomwelo.

Madzulo ndayesa njira ina, kulemba mawu oti akanene opanda sv ndi zv ngakhale mmodzi. Tsamba lonse ndafufuta. Chishona chili ndi zv paliponse, ngati nsikidzi m'bulangeti la mlonda. Ukathawa kuno wakumana naye uko.

Njira inanso: azitsokomola akafika pa liwu lovuta. Tayesa moni yekha, atsokomola kanayi. Amayi: "Akaganiza kuti tikubweretsa chifuwa chachikulu m'banja mwawo."

Mawu khumi ndi awiri ndawadula, atsala anayi. Ndipo mtima wapepuka, sindinama. Anayi munthu akhoza kuwakankha.

Lachinayi, 12 Juni

Lero ndiye ndaona zodabwitsa.

Masana ndikupititsa mbatata ku shedi. Kuseri kwa mabelo ndikumva Foromani akukalipa: "Zvii izvi? Zvituta! Svikai kuno!" Foromani wathu ndi Mzezuru wamimba, woyenda ndi kandodo kukhwapa, woitana anthu akuluakulu kuti zitsiru. Ndaima kuti adutse. Koma amuna akuseka. Foromani akakalipa anthu saseka. Ndasuzumira.

Ndi Bambo!

Mimba atulutsa, phesi la fodya kukhwapa, chibwano m'mwamba, akumutsanzira. Ndipo kamluzu! Koyera, kakuthwa, kosasiyana ndi ka mwiniwake. Zv, sv, zonse zikutuluka ngati anabadwira ku Murewa. Mbale ya mbatata ndaigwira ndi mawondo.

Masiku atatu ndikuvutika ndi kalilole, pamene munthuyu amachita izi masana aliwonse kwaulere.

Ataweruka ndawakoka. Imani ngati Foromani. Aima. Ndodo iyi. Nenani tisvikewo.

"TISVIKEWO!"

Changwiro! Amayi agwetsa chikho. Khanda la nyumba yoyandikana layamba kulira. Mayi wina wothira kachasu kumapeto kwa komboni akuti anathawira m'chimanga, kuyesa apolisi afika.

Ndayesa bwinobwino, monga mwa sukulu:

mimba, ndodo ndi tsinya: kamluzu kathunthu
mimba yokha: theka
ndodo yokha: nthawi zina
Bambo enieni, manja pamodzi mwaulemu: "tipsikewo"

Ndiye pakamwa pamatha. Khutu limatha. Chosatha n'chiyani? Ndawafunsa. "Pamenepo sindiyankhula ine, mwanawe. Amayankhula ndi Foromani, ine ndimangomubwereka malo." Ndikuti ndiye bwerekani kamluzu kokha, munthuyo mumusiye. Akuti sizigulitsidwa padera.

Amalume, amene tayambanso kuyankhulana chifukwa anafuna singano, agwedeza mutu ngati zimenezi n'zodziwika kale. Akuti mawu amabwera ndi mwiniwake. Iwo za kusintha mawu amazidziwa bwino, pa zifukwa za kudambwe zimene mkazi salemba, ngakhale wa satifiketi. Sindinalembe kanthu.

Tagwirizana chonchi: Loweruka Bambo apita ngati Foromani, koma Foromani waulemu. Wotere sanabadwe, tidzamuumba mawa. Tayesa kamodzi. Agwada, aomba m'manja mwa Chizezuru, n'kukuwa "MAZVITA!" ngati akuthamangitsa ng'ombe m'munda.

Komabe ndigona bwino. Kamluzu kalipo. Tete akonzekere.

Lachisanu, 13 Juni

Ndiyambe ndi chabwino, chifukwa ndi chachifupi.

Masana tikuumba Foromani waulemu kuseri kwa mabelo, Foromani weniweni watulukira. Waima, akumvetsera. Bambo ali pakati pa "zvituta", mimba panja, phesi kukhwapa. Amuna onse aweramira fodya. Ine ndikuona kale katundu wathu ali pa msewu wa ku Macheke.

Foromani waseka mpaka kugwira khoma. "Ndani ameneyu, mudhara? Wa pulazi iti?" Bambo akuti wina wake wa kutali, anamwalira. "Ndimawadziwa anthu otere! Kukuwa ngati bulu!" Wapempha abwereze. Abwereza. Wapukuta misozi, wapita, kandodo kukhwapa.

Sanadzimve! Mawu ake enieni, kupuma kwake, ndi kakutsokomola komwe.

Koma Bambo alumbira kuti Foromani sadzamubwerekanso, ngakhale kumaliro. Ndiye tabwerera pa "tipsikewo", ndipo mawa ndi Loweruka.

Tsopano choipa. Ndilemba chifukwa ndinachita ndine.

Madzulo atopa, akuti basi, apita ndi Chishona chawo chakale, sichinawalakwirepo, aliyense amawamva ndipo anthu amasangalala akamayankhula. Ine kutentha mutu. Ndawauza za ku sitolo. Zonse. Chigiri, duku lofiira, milomo yopinda. Ndati sankasangalala, Bambo, ankakusekani.

Bambo andiyang'ana. Kenako: "Ine ndinkayesa tikuseka limodzi."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Mnzawo wa ku shedi, Mzezuru, wadutsa n'kupereka moni, iwo angokweza dzanja. Munthu amene amaimitsa aliyense panjira kuti amuuze mwambi! Ayesa kuuza Amayi kanthu m'Chichewa chomwe, aima pakati, akumvetsera lilime lawo ngati munthu woponda pa mlatho wowola. Pomaliza akuti sapita. Apite Amalume, si ndiwo eni mbumba.

Achimwene: "Sukulu yako yandidyera mkazi."

Ndinali ndi yankho labwino kwambiri. Ndalimeza.

Amayi sanandiyang'ane. Auza Bambo okha: "Mukapanda kupita, akaseka mwana wanu. Sankhani woti asekedwe."

Pepani sinditha kunena, pakamwa panga pali ndi zake zokanika. Ndatenga jekete lawo la kutchalitchi, ndalisita ndi simbi yamakala mpaka makwinya a chaka chatha atha. Nsapato ndapukuta. Ndazipachika pamene adzaziona akadzuka.

Loweruka, 14 Juni

Avala jekete.

Lole ya pulazi yatisiya pa Goromonzi, kwinako wapansi. Bambo, Amalume, ine ndi nkhuku ya Amayi kukhwapa, achimwene kumbuyo. Njira yonse Bambo milomo ikugwedezeka, mawu osatuluka. Achimwene tawasiya pansi pa mtengo kunja kwa mudzi, chifukwa wofunsira salowa.

Tafika m'mphepete mwa bwalo. Anthu akhala kale, amuna pa mipando, akazi pamphasa. Duku lofiira lilipo. Lomwelo!

Bambo avula chipewa. Asongola milomo. Aibweza. Asongolanso. Nkhuku ikumva mtima wanga. Kenako, ndi mawu onse a ku Dedza:

"Odi!"

Ndatseka maso.

"Rowani, rowani, achimwene! Zvikomo kwambiri! Mwayenda bhwanji?"

Ndatsegula. Kamdala kakafupi ka majombo a mumgodi kakubwera manja onse patsogolo. VaMarufu! Anagwira ntchito ku mgodi wa Arcturus zaka khumi ndi chimodzi pakati pa anthu akwathu, ndipo chibwerere kumudzi alibe woyankhula naye Chinyanja. Akazi awo sakhulupirira kuti amachidziwa. "Ndimumve" uja ndi ameneyu. Amafuna mboni!

Ndipo Chichewa chake, mayo ine. L aliyense wasanduka r wogubuduza ngati ngolo. Zi aliyense wavala kamluzu: zvikomo, zvinthu, zvoona. Akamaliza chiganizo akucheukira akazi awo kuti aone ngati amva.

Ndayang'ana Bambo. Nkhope ija yakufa kuyambira dzulo ikudzuka pang'onopang'ono. Ndi nkhope imene amachita akapeza tsamba loipa m'mulu wa mnzawo: chisoni pamwamba, kukondwa pansi. Agwada, aomba m'manja, ndipo pobweza ulemu ayankha m'Chishona: "Mabzita, mabzita. Tasika bzakanaka."

Mabzita. Ndiyo ntchito yanga ya sabata yonse, pamaso pa mudzi.

Palibe waseka. Angaseke bwanji, mwini mudzi ali pa "zvikomo"?

Maola atatu! Mzezuru akuyankhula Chichewa chokhota, Mchewa akuyankhula Chishona chokhota, aliyense akukana kubwerera kwawo, ndipo akumvana mpaka pansi. Ine womasulira sanandifune ngakhale kamodzi. Amalume aponyamo mawu awo awiri osatukwana, alandiridwa.

Pofika pa nkhani yeniyeni VaMarufu asiya kuseka. Mantha awo ndi akuti anthu a ku Nyasa tsiku lina amanyamuka, ndipo mwana wawo akapita kutsidya la Zambezi sadzamuonanso, ngakhale pa maliro a amake. Bambo ayankha pang'onopang'ono, kamluzu kalikonse kakugwa panjira, koma osaima. Akuti ana awo anabadwira kuno, makolo a Amayi anaikidwa kuno. Akutinso kwathu mkazi sachoka, mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi n'kumalima munda wa apongozi. Amalume avomereza mokweza, poti tsopano nkhani yafika pa mwambo.

VaMarufu ayang'ana munda wawo, wodzaza zitsa mpaka kuphiri. Afunsa ngati mnyamatayo ali ndi msana wabwino. Kenako alamula:

"Tumizvani munyai."

Basi! Zatheka! Nkhuku ndaipereka. Achimwene za zitsazo sanauzidwebe.

Chotsala ndi ichi, ndipo sindikuchikonda. Pa "zvikomo" wachisanu ndi chinayi, potsanzikana, china chake chandithawa m'mphuno. Ndabisa m'duku, koma chamveka. Ndadzutsa maso. Tete akundiyang'ana.

Wandikokera kukhitchini. Ine ndakonzeka nkhondo, mawu a zaka zitatu ali pamzere. Iye wandipatsa nyimo, nzama zathu zija, zophika m'kambale, n'kunong'ona: "Seka hako, mwanangu. Ife tinaseka mpaka tinatopa." Kenako akundifunsa ngati tinaonanapo kale, chifukwa nkhope yanga ikumukumbutsa wina.

Sakukumbukira! Zaka zitatu ndikumusungira mkwiyo, kuuthirira, kuupalira, mwiniwake osadziwa kuti ali ndi munda kwa ine.

Sindinamukhululukire. Nyimo ndadya, zinali ndi mchere wabwino.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi Bambo aimba kuposa aliyense. Potuluka aimitsa Mzezuru wa ku shedi uja, amuuza miyambi iwiri, yonse yopanda kamluzu. Achimwene asiya kuusa moyo. Amalume awauza za zitsa, ayambiranso, koma pang'ono.

Masana Bambo ali pampando padzuwa: "Munthu wabwino VaMarufu. Koma pakamwa pake, kalanga ine! Ndipo sadzimva, ukudziwa? Akuyesa akuyankhula bwino." Achimwene akuti Rudo anawanong'oneza pa mtengo paja kuti bambo ake anena zomwezo za Bambo, ndipo alamula kuti aliyense woseka mlendo aone njira.

Ine, poti mtima uli m'malo, ndati ukwati usanafike tikhoza kupitiriza phunziro pang'onopang'ono, mawu awiri pa sabata.

"Chabwino, mwanawe. Tikamaliza ako."

Anga ati?

Bambo ayang'ana Amayi. Amayi ayang'ana nyemba zimene akusankha. Ndiye zatuluka. Akuti Chichewa changa n'cha pa pulazi. Akuti ndikamati nkhuku, nthochi, mphasa, kampweya kaja ka pakati sikatuluka, mawu amangogwa ouma ngati a Mzezuru. Akuti l wanga amagubuduzika. Akuti azakhali atabwera kuchokera kumudzi chaka chija anafunsa mseri ngati ndinaleredwa ndi eni dziko. Chiyambire kuyankhula ndili choncho, nyumba yonse ikumva, palibe ananena.

Bwanji osandiuza?

Amayi: "Timakumva. Tikuuzirenji?"

Bodza. Ndikanadzimva. Ine amene ndinagwira kamluzu m'kati mwa mbatata!

Ndapita kuseri kwa nyumba kumene kuli mgolo wa madzi, lero ndi wopanda kanthu. Ndalowetsa mutu kuti mawu andibwerere. Nkhuku. Nthochi. Mphasa. Ndanena pang'onopang'ono, ndanena mofulumira. Akubwerera oyera, okwana, a ku Dedza enieni. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndanenanso kachisanu, mokweza, kuti amve.

Amayi, kutsogolo kwa nyumba, osasiya nyemba zawo: "Ayi."

Chabwino. Mgolowu ukufunika madzi, ndipo kumpopi kukhala mzere dzuwa likapendeka.